Tsiku Limene Ulimbo wa Che Wadi Unagwira Mphaka

Alamu anga Che Wadi ndi munthu wakumtunda. Kwawo ndi ku Katuli, kumapiri uko, ndipo kuno kunyanja anabwera kudzakwatira achemwali anga a Ajira. Ndiye ndi akamwini. Nyumba anamanga okha, inde, koma malowo ndi athu, mango ndi athu, nkhuku ndi za achemwali, ngakhale mthunzi umene amapumirapo masana ndi wa mtengo umene anadzala amayi athu. Chawochawo pakhomo pano ndi njinga, kawailesi komanga ndi mphira, ndi chitini cha ulimbo. Eee, chitini chimenecho! Dikirani ndikuuzeni.

Kwathu kuno mwamuna aliyense ndi wam'madzi. Kamwana kakangoyamba kuyenda, mawa lake mukakapeza kakupalasa bwato. Alamu nawo anayesapo atangofika kumene. Alovi, asodzi akunowa, anawatenga kokakoka ukonde wa chilimira, ndipo akuti anayamba kusanza bwato lisanapite n'komwe patali, mpaka alovi anzawo anachita kubwerera kudzawatula pamchenga ngati thumba la chinangwa. Chiyambire tsiku limenelo padoko amawaitana kuti Che Kumtunda. Iwo amangoseka, koma kuseka kwake kwa mano okha. Anapempha malo kudambo n'kuyamba kulima mpunga.

Ndiye mpunga ukayamba kucha, mbalame nazo zimati tafika. Apa ndi pamene alamu amaoneka kuti ndi munthu. Amatenga chikwanje, ulendo wakutchire kukatema makungwa a thombozi, utomoni woyera ngati mkaka n'kumadonthera m'chitini. Amathiramo ndi wa kachere pang'ono, mlingo wake sauza munthu, ine ndinafunsa mpaka ndinatopa. Akatero amawiritsa, n'kuusiya kuti uzizire, n'kuwiritsanso kachiwiri, akutakasa ndi kamtengo, nkhope ili ndwii ngati dokotala. Ukapsa amathira madzi pamwamba pake kuti usaume. Tsiku lotchera amaupaka pa timitengo n'kukatizika m'munda. Mbalame ikangotera, basi, kwake kwatha.

Anyamata a m'mudzi muno amapanganso ulimbo, koma wawo dzuwa likawomba umayenderera, mvula ikagwa umafooka. Wa alamu? Ayi ndithu. Amabwera kunyumba ndi mpheta ndi atchete mndandanda wautali pachingwe, iliyonse ataizinga okha pakhosi ndi kampeni kawo, Bismillah, Bismillah, Bismillah, kambalame kochepa ngati chala changa chachikulu! Ndiye muwaone alovi omwe aja, amene amawaseka. Amangofika mmodzimmodzi, manja kumbuyo. "Che Wadi, mwaswera? Tilaweko ziwiri, nsomba zatikola." Tsiku limenelo sakhala Che Kumtunda, amakhala Che Wadi, ndipo amayenda chifuwa chili patsogolo.

Vuto ndi lakuti ulimbo sudziwa kuti iyi ndi mbalame, ichi si mbalame. Unagwirapo mpango wa achemwali umene anagula wa pa Idi, asanauvale n'komwe. Unagwirapo anapiye atatu nthawi imodzi. Chaka chatha unagwira mutu wa Bilal, mwana wawo wa zaka zitatu, amene anavala chitini ngati chipewa, ndipo anachita kumumeta mpala. Tsiku limenelo achemwali sanakuwe. Anandiitana ine, n'kundiimika pakati.

"Che Wadi, ndikunena pamaso pa Nuru kuti akhale mboni. Ulimbo wanuwu ukadzagwiranso chinthu cha pakhomo pano chimene si mbalame, chitinicho ndidzakachiponya m'nyanja ndi dzanja langali, ndipo nkhani ya ulimbo idzathera pompo."

Achemwali anga sabwereza mawu. Funsani aliyense amene anagulapo usipa kwa iwo.

Tsopano mumudziwe Thonje. Thonje ndi mphaka wa achemwali, woyera mbee, waubweya wautali wofewa, osati amphaka a m'mudziwa ayi. Anawapatsa mayi wina wa golosale ku Boma pamene ankasamuka. Ntchito yake ndi kulondera matumba a usipa wouma kuti makoswe asaboole, koma moyo wake ndi wa bwana. Mutu wa chambo amayamba ndi iye. Amagona kumiyendo kwa achemwali. Alamu akamuyandikira amangowayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ngati akufunsa kuti kodi inu kwanu mubwerera liti.

Ndiye linali Lachinayi, ife tili pa holide, mpunga utawerama kudambo. Achemwali analawirira ndi lole ya m'mawa kukagulitsa usipa ku Boma, Bilal ali kumbuyo. Anati abwera ndi ya masana. Alamu anadzuka akuimba mluzu. Anapaka timitengo tambirimbiri, mtolo wonse, n'kutitsamiritsa pampanda wa bafa kuseri kwa nyumba, iwo n'kulowa m'nyumba kukatenga pampu ya njinga. Kanthawi kochepa kokha! Kapumbwa kena kopusa kanabwera n'kutera pa kamtengo kamodzi, n'kuyamba kulira, kakukupiza mapiko. Thonje anali padenga la khitchini. Mukuganiza kuti anatani?

Ine ndinali kutsuka makapu. Ndinangomva kwapakwapa, kenako kulira kumene sindinakumvepo chibadwire, nyaaaauuu! Ndiye chinthu choyera chinadutsa pamiyendo panga chili ndi timitengo thupi lonse ngati nungu. Chinalumphira pathandala loyanikapo nsomba pamene panali usipa wotsala, n'kugubuduka pamenepo, n'kugwera pamchenga, n'kudutsa m'khola la nkhuku, nkhuku zili kwekwekwe, kenako chinalowa m'nyumba, kunsi kwa bedi, zii. Kapumbwa kaja? Kanathawa! Kanangosiya nthenga ziwiri.

Alamu anaima pakhomo, pampu ili m'manja, kukamwa kuli yasa.

Tinamukoka kunsi kwa bedi tonse awiri. Abale inu, ndikanakhala ndi foni ya kamera! Usipa m'nthiti zonse, nthenga za nkhuku pakhosi, masamba a mango, mchenga, sokosi ya Bilal pamchira, ndi timitengo tija tili mbali zonse. Maso okha ndi amene anali a Thonje. Ine kuseka kunandigwira mpaka ndinakhala pansi.

"Mlamu," anatero alamu motsitsa mawu, "waona chiyani?"

"Ndaona mphaka wa achemwali atavala usipa."

"Sunaone kanthu."

"Ine ndine mboni, alamu. Munamva nokha."

"Mboni yomweyo imadya mpheta zanga, mafupa omwe."

Apa anandigwira. Ndinapukuta misozi n'kuwafunsa kuti chabwino, ulimbo umachoka bwanji. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa m'Chingerezi.

"Kuchoka? Mlamu, ine ndimamata. Chimene chagwidwa ndi ulimbo wanga ndimachisosola nthenga n'kuchiwotcha. Palibe chimene chinagwidwapo n'kufuna kubwereranso mwakale."

"Nanga m'manja mwanumo mumachotsa ndi chiyani?"

"Ndimanyowetsa manja ndisanaugwire. Ukandimata ndimakwecha ndi mchenga, wotsalawo umatha wokha pakapita masiku."

"Masiku? Achemwali akubwera masana ano."

"Ndikudziwa, Nuru! Ukuyesa sindikudziwa?"

Tinayamba ndi timitengo. Ine kugwira mutu ndi chiguduli, iwo kukoka kamodzikamodzi. Kamtengo kalikonse kankachoka ndi ubweya, ndipo Thonje ankabwezera kamodzi pa kamtengo kalikonse. Pamene tinkamaliza, mikono ya alamu inali mizeremizere yofiira ngati adutsa m'minga. Timitengo tinachoka, koma ulimbo wonse unatsala, ndi katundu wake yense.

Kwathu kuno chinthu chikada timapita nacho kunyanja. Mbale, zovala, mwana, njinga, mphasa, chilichonse. Sitiganiza n'komwe, miyendo imangopita yokha. Ndiye tinamukulunga m'saka, mutu wokha uli panja, ulendo wakudoko. Alovi anali pamthunzi akusoka ukonde. Atangoona alamu akupinda thalauzi n'kuponda m'madzi, ntchito yonse inaima.

"Eee, itanani anthu! Che Kumtunda alowa m'nyanja!"

"Mugwireni asasanze!"

"Che, lero mwagwira mbalame yanji? Ya miyendo inayi?"

"Mukazinga mutisungireko ntchafu!"

Alamu anangopitirira. Anamira mpaka m'mawondo, akunjenjemera iwo, akunjenjemera mphaka, n'kuyamba kumuthira madzi ndi kumupaka sopo. Sopo ankangotsetsereka pamwamba. Kenako ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anagwira ubweya, n'kugwiranso. Unali utauma gwa ngati chingwe cha nayiloni.

"Astaghfirullah," anatero. "Madzi ozizira amaulimbitsa. Ine ndemwe ndimausunga m'madzi. Ine ndemwe! Mutu wangawu uli ndi chiyani lero?"

Mlovi wina anakuwa kuti kwechani ndi mchenga ngati poto. Alamu, poti ndi mmene amachitira m'manja mwawo, anatapadi mchenga n'kuyamba kukwecha. Mayo ine! Mchenga wonse unakakamira. Thonje anasanduka chitumbuwa chogwera pansi. Wina anabwera ndi kachigubu ka petulo wa injini, akuti uyu amachotsa ngakhale phula. Alamu anakalandira, anatsegula, ananunkhiza. Kenako anatseka n'kubweza.

"Mphaka amadzinyambita. Mukufuna ndikawauze mayi a Bilal kuti mphaka wawo wayera koma wafa?"

"Ndiye kammeteni ngati munachitira mwana wanu uja!"

Anaseka onse, koma alamu anandiyang'ana ine, ine n'kuwayang'ana iwo. Tinanyamuka.

Wometa wathu ndi a Misheck. Ali ndi kashedi kawo ka malata pafupi ndi tchalitchi cha Angilikani, makina awo amayendera sola. Ndi amene anameta Bilal chaka chatha. Tinawapeza akusesa tsitsi. Alamu anapereka moni wautali, kufunsa za kunyumba, za ana, za mbuzi, saka ikungogwedezeka m'khwapa mwawo.

"Che Wadi, nenani chimene mwabwerera. M'sakamo muli chiyani?"

Alamu anatsegula pang'ono. A Misheck anasuzumira, n'kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda galasi.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Ndi kasitomala," ndinatero ine.

"Khala chete, mlamu. A Misheck, mungometako pamsana pokha ndi m'nthitimu. Ndikupemphani ngati m'bale."

"Ayi, ayi, ayi. Makina awa mawa ameta anthu opita ku Jumu'a kumzikiti. Loweruka ameta akwaya athu. Ndikawauze kuti atsatana ndi mphaka? Komanso mwana wanu uja anandithera mano a makina, simunaiwale."

Anakambirana, anakambirana, mpaka a Misheck anati makina ayi, koma sizasi angabwereke, tikametere kuseri kwa shedi anthu asaone. Alamu anagwada kuseriko, lilime lili panja pang'ono, n'kuyamba kudula. Koma ubweya unali utamatirira pakhungu penipeni, ndiye kuti mudule ulimbo mumayenera kudula mpaka pansi. Anadula, anadula, n'kuima kuti aone. Pamsana pa Thonje panali dazi lalikulu ngati chikhatho changa. Ndipo mukudziwa kuti khungu la mphaka woyera ndi lofiirira ngati kamwana ka khoswe? Ine sindinkadziwa! Ndinakuwa.

"Alamu, siyani! Akuoneka ngati wodwala zipere!"

"Ndaona, Nuru, maso ndili nawo."

Anati atsegule sizasi kuti abweze, sizasi osatseguka. Yamatana. A Misheck anailandira ndi zala ziwiri, n'kungotiloza msewu.

Tinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Alamu anakhala pakhonde, saka ili pamiyendo, thukuta lili chuchuchu. Nthawi yomweyo kumwamba kunadutsa mtambo wa mpheta, phuuu, kulunjika kudambo. Anautsatira ndi maso mpaka unazimirira kuseri kwa migwalangwa.

"Waziona? Zikupita kukadya mpunga wanga. Lero zikachita ukwati kumeneko. Timitengo tonse tathera pa mphaka."

Ine ndinafuna kuseka koma mawu awo sanali oseketsa. Anati chitini chija anachokera nacho ku Katuli atachimanga pa keriyala ya njinga, tsiku limene ankabwera kudzalowa pakhomo pano. Anawapatsa ndi amalume awo amene anawaphunzitsa ulimbo, ndipo amalumewo anamwalira. Anati kuno munthu ukakhala wosadziwa madzi umakhala ngati mwana, aliyense amakuuza pokhala. "Chinthu chimodzi chokha chimene ndimadziwa kuposa onsewa, mlamu. Chimodzi. Ndiye chikathere m'nyanja yomweyo?"

Koma ine njala inali itandipweteka, chifukwa chidzukire sitinadye. Ndinathamangira pamsewu n'kugula kanyenya wa utaka, wotentha, wamafuta ake ochucha papepala. Ndinawapatsako alamu, anakana. Ndinadya ndekha, n'kunena kuti bweretsani mphakayo ndimugwireko mupume. Manja osasamba, ndikuvomera.

Ndiye ndamugwira, ndikumusisita pakhosi kuti aleke kulira, ndikungoona kuti zala zanga sizikumata. Tsiku lonse ndikamukhudza ndimachita kuzula zala, koma apa zikungotsetsereka. Ndinasisitanso pamene panali usipa umodzi. Usipa uja unasuntha, n'kugwa pansi wokha, tapu!

"Alamu! Alamu, taonani! Mafuta! Ndi mafuta!"

Anadumpha. Anagwira pakhosi paja, n'kununkhiza zala zawo, n'kuyang'ana pepala la kanyenya, n'kuyang'ana kukhitchini. M'khitchini munali botolo la mafuta ophikira la achemwali, latsopano, losatsegula. Anaima pakhomo la khitchini kanthawi, akulankhula okha. Kenako ndinamva chitsekero chikuthyoka.

Musaganize kuti zinatheka msanga. Aaa, ayi. Mumathira mafuta pachikhatho, n'kupaka pamalo pamodzi pochepa, n'kufikisa ndi zala mpaka ulimbo ufewe, n'kudikira, kenako n'kupesa pang'onopang'ono kuyambira kunsonga kwa ubweya, n'kupukuta chipeso pachiguduli, n'kuyambiranso. Chipeso chake cha achemwali, chifukwa china pakhomo palibe. Ine ntchito yanga inali kugwira mutu kuti asadzinyambite, ndi kutola usipa umene ukugwa. Mukathamangira, chipeso chimakoka, mphaka amakuwa, zikhadabo zimatuluka. Ndipo alamu ankathamangira nthawi zonse, chifukwa galimoto iliyonse ikalira kumsewu ankadzidzimuka.

"Pang'onopang'ono, alamu!"

"Pang'onopang'ono dzuwa likudikira iwe?"

Pakhosi panayera. Nthiti imodzi inayera. Pamimba panavuta koopsa, chifukwa mchenga uja unali utapanga zibuma. Malo ena tinkapaka katatu, kanayi, ulimbo uli gwa. Alamu anafika poyamba kudzitukwana okha.

"Ndani anandiuza kuti ndiziwiritsa kawiri? Anthu onse amawiritsa kamodzi n'kukagona. Ine ayi, ndiwonjezere ndi kachere! Ukanakhala ulimbo wa anyamata aja bwenzi titamaliza kalekale!"

Thonje nayenso anatopa kulimbana. Anangogona chagada, akung'ung'udza kukhosi ngati injini ya bwato ili kutali, diso limodzi lili pa alamu. Ubweya wonse utanyowa mafuta anachepa mpaka theka. Kani mphaka ameneyu ndi ubweya wokhawokha! M'kati muli kanthu kowonda ngati gologolo.

Tinatsala ndi mchira ndi mwendo umodzi wakumbuyo pamene alamu anapendeketsa botolo, n'kuligwedeza, n'kulimenya pansi pake. Dontho limodzi. Ndipo nthawi yomweyo kumsewu, pii piii! Hutala imeneyo timaidziwa tonse.

"Tim'bise," anatero alamu.

"Kuti?"

Anati aimirire, koma mchira wa Thonje unali utamata pamalaya awo. Anakhalanso pansi.

Woyamba kulowa pampanda anali Bilal, akuthamanga ndi bisiketi m'manja. Anaima, n'kuloza. "Ababa agwira khoswe!"

Kenako achemwali, dengu lili pamutu. Anatula dengu pang'onopang'ono. Anayang'ana thandala, usipa uli mbwee pansi. Anayang'ana botolo. Anayang'ana chipeso. Anayang'ana dazi lija.

"Nuru."

"Achemwali."

"Ameneyo ndi ndani?"

"Ndi Thonje."

"Thonje wake uti?"

"Mayi a Bilal," alamu anayamba, "choyamba mwayenda bwanji? Malonda..."

"Chitini chili kuti?"

Maso anga, ine wopusa, anapita okha kuseri kwa bafa. Achemwali anapita komweko, n'kutulukira chitini chili m'dzanja, osatiyang'ananso, n'kulunjika njira yakudoko. Alamu pambuyo, mphaka ali pachifuwa chifukwa sakanatha kumusiya. "Mayi a Bilal, tikambirane. Taonani wayera, watsala mchira wokha. Mayi a Bilal!" Ine pambuyo pawo ndi Bilal. Pambuyo pathu ana onse a m'mudzi, ndi amayi amene anasiya mitondo.

Padoko alovi anasiya ukonde. Ulendo uno palibe anaseka, chifukwa achemwali amawagula usipa onsewo ndipo amawadziwa. Achemwali anafika pamene mafunde amathera. Alamu anaima chapatali, anasiya kuchonderera, anangoweramitsa mutu. Kunena zoona apa ndinawamvera chisoni. Achemwali anabweza dzanja m'mbuyo, n'kuponya ndi mphamvu zawo zonse.

Madzi a m'chitini anapita. Chitini chinatsala.

M'chipwirikiti cha m'mawa chija alamu sanapukute m'mphepete mwake, ndipo tsiku lonse chinakhala padzuwa. Zala zinayi za achemwali zinali zitamira mu ulimbo. Anaponyanso kachiwiri. Chitini chinachoka pang'ono, ulimbo n'kutamuka ngati chingamu, kenako chinabwerera n'kudzamata pachitenje pawo, pantchafu, phwa! Anati achichotse ndi dzanja linalo, nalonso linagwidwa.

Doko lonse zii. Mafunde okha. Ndiye m'kachetechete ameneyo ndinamva mawu a alamu, otsika, ngati akulankhula kutulo:

"Ndi wowiritsa kawiri umenewo."

Abale! Doko linaphulika. Mlovi wina anagwera m'bwato chagada. Amayi anagwirana mapewa. Ine ndinagona pamchenga, Bilal akundimenya ndi bisiketi kuti ndimuuze chimene chikuseketsa. Alamu anatseka pakamwa ndi dzanja, koma mawu anali atatuluka kale.

Achemwali sanaseke. Anatembenuka, manja onse awiri ali pachitini ngati akupereka mphatso.

"Ndichotseni."

"Mafuta atha, mayi a Bilal."

"Atha."

"Athera pa mphaka."

Anatseka maso. "Nuru, thamanga."

Ndinathamanga ngati sindinathamangepo, n'kukapempha mafuta m'kapu kwa anzathu oyandikana nawo nyumba. Pobwera ndinapeza atakhala pa bwato lovundikira, achemwali kuno, alamu uko, mphaka pakati ali lende pamalaya. Alamu anaviika zala m'kapu n'kuyamba ndi chala chaching'ono cha achemwali, kupaka, kufikisa, kudikira, kupukuta. Ulendo uno sanathamangire. Anthu anayamba kubalalika poona kuti ndewu kulibe, koma ine ndinakhala pompo, ndagwira kapu, makutu ali tcheru.

Chala choyamba chinachoka. Chachiwiri. Achemwali ankayang'ana mikono ya alamu, mizere yofiira ija.

"Kudambo mwapitako lero?"

"Ayi."

"Ndiye mbalame zadya tsiku lonse."

"Zadya."

"Mpunga umene ndimati tigulitseko matumba awiri."

Alamu anaviikanso zala m'kapu. Chala chachitatu. Achemwali anayang'ana chitini chija ngati akufuna kuchiluma.

"M'nyanja ndaponya, anthu onse aona. Chakana chokha," anatero. "Koma pakhomo panga sichigonanso. Chipite kudambo lero lomwe. Muziphikira komweko, muzipakira komweko, muzisamba komweko musanabwere kuno. Chikadzapondanso pampanda wanga, mudzachikweza panjinga mmene munabwerera nacho, inu muli pachishalo."

"Ndamva, mayi a Bilal."

"Ndipo mchira uwo mumalize. Ndi botolo la mafuta logula inu."

Mchira tinamaliza mawa lake, n'kumusambitsa ndi madzi ofunda ndi sopo mpaka mafuta anatha. Dazi lija likumera, koma ubweya wake ukumera choimirira, ndiye Thonje akuyenda ndi kachisumbu pamsana. Mbalame zinadya ngodya yonse ya munda ya kumtsinje. A Misheck mpaka lero alamu akadutsa amalowetsa sizasi m'thumba.

Kudambo ndi kutali, ndipo njinga imathera panjira chifukwa cha matope. Alamu anamanga kachisakasa ka udzu pachulu, ndipo masiku ano amakhala kumeneko kuposa kunyumba. Loweruka achemwali anandituma kukawapatsa mbatata ndi tiyi. Ndinawapeza atagwada pamoto, utsi uli m'maso, akutakasa n'kumadandaula okha kuti nkhuni zakudambo n'zonyowa, madzi ake ndi amatope akuwononga ulimbo, udzudzu ukuluma masanasana, ndipo ana oweta mbuzi awabera kale timitengo kawiri. Ndinati ndiyandikire ndione mmene ukuwirira.

"Ima pomwepo! Bwerera! Khala uko, pachitsa icho."

"Alamu, ndikungofuna kuona."

"Uonere komweko. Iwenso ndiwe wa pakhomo paja, ulimbowu usakugwire. Tula mbatatazo pansi, ndidzatenga ndekha."